Mmene Mungayendere Manda Akale a Miyala ku Borger

Borger ndi mudzi wa m'chigawo cha Drenthe, kumpoto chakum'mawa kwa Netherlands, kumene kuli manda a miyala ikuluikulu otchedwa hunebed, amene alimi akale anamanga zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Mukafika, musathamangire kumandako, koma yambani mwayang'ana nthaka imene mukupondayo. Ndi mchenga ndi dongo basi, ndipo kulibe thanthwe limene omangawo akanaswapo miyala yotere. Miyalayi inachokera ku Scandinavia, itakokoledwa ndi madzi oundana amene anakuta derali zaka pafupifupi 150,000 zapitazo, omwenso anaumba chitunda chachitali cha Hondsrug pamene mudziwu unamangidwa.

Kenako pitani ku manda amene anapatsidwa nambala ya D27 (D akuimira Drenthe), aatali kuposa onse m'dzikomo, a mamita oposa 22, okhala ndi miyala 9 yovindikira pamwamba. Azungulireni pang'onopang'ono, ndipo weramani kuti muone mkati. Mudzaona kuti mbali yosalala ya mwala uliwonse inaloza m'chipinda, pamene mbali yotukuka inatsala kunja. Apa ndi pamene luso la omangawo limaonekera kwambiri, chifukwa ankasankha mwala uliwonse podziwa malo ake. Mipata imene ikuoneka lero inali yotsekedwa ndi miyala ing'onoing'ono, ndipo chipindacho chinali chokwiriridwa ndi dothi, choncho chimene chaima pamaso panucho ndi miyala ikuluikulu yokha, imene inali ngati mafupa a chipindacho.

Yandikirani kuti musiyanitse mitundu ya miyala. Wa granite umakhala ndi timadontho tofiirira, toyera ndi takuda, pamene wa gneiss uli ndi mizere yokhotakhota. Mitunduyi imaoneka bwino mvula ikangokata, miyala ikadali yonyowa. Musakwerepo kapena kulembapo kanthu, pakuti ano ndi malo amene anthu anaikapo abale awo.

Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Hunebedcentrum, mmene muli mbiya za anthu amenewa, zokhala ndi pakamwa potambasuka ngati fanulo. Mukatulukamo, palasani njinga kupita ku Bronneger, kumene kuli manda 5 oyandikana, D21 mpaka D25. Mukapeza manda osowa miyala ina musadabwe, chifukwa m'zaka za m'ma 1700 anthu ankaiswa n'kukalimbitsira zipupa zotchingira nyanja, ndipo pa manda ena a ku Drenthe pakadali maenje amene anaboola pokonzekera kuphulitsa mwala ndi onga.