Injini ya njinga yamoto yafa waranti isanathe, wogulitsa akukana: chitani izi

Njinga yamoto yatsopano siyenera kuyamba kugogoda injini kapena kufuka utsi isanathe miyezi yochepa. Koma ikatero, mayankho a kushopu amakhala omwewo: munathira oilo wabodza, mumaiyendetsa mwankhanza, akabaza mumanyamula katundu wambiri. Mwini njinga amabwerera akuikankha, ngongole ikumudikira, ndipo mawa lake amapita kwa makaniki wa pamsika kukalipira za m'thumba. Nthawi zina wolakwa amakhaladi mwini wake. Koma pali nthawi imene vuto limachokera kufakitale, ndipo ena amene anagula mtundu womwewo akulira chimodzimodzi. Apa simuyenera kulipira ndinu.

Musaganize kuti zoterezi zimagwera njinga zotchipa zokha. Kampani ya KTM ya ku Austria, yopanga njinga zodula kwambiri, inatulutsa 790 Duke mu 2018 ndi 790 Adventure mu 2019. Posapita nthawi eni ake m'maiko osiyanasiyana anayamba kudandaula kuti camshaft, chitsulo chimene chimatsegula ndi kutseka mavalavu a injini, ikudyeka msanga. Ambiri anauzidwa kuti alipire okha, ena chifukwa waranti, lonjezo lokonza njinga ulere ikawonongeka mkati mwa nthawi yoikika, inali itatha, ena chifukwa mbiri ya sevisi sinali yokwanira. Anthuwa anasonkhana pa Facebook, aliyense nkumaika chithunzi cha camshaft yake yodyekayo, chaka cha njinga ndi makilomita amene inayenda. Mu 2024 kampaniyo inavomereza poyera kuti vutolo lilipo ndipo inalonjeza kukonza njinga zokhudzidwa ngakhale zimene waranti yake inatha. Chimene chinaigonjetsa si phokoso ayi, ndi umboni wa anthu ambiri wonena chinthu chimodzi. Njira yomweyo ingagwire ntchito kwa wakabaza wa ku Area 25 kapena ku Ndirande.

Choyamba: imitsani njinga ndipo musatsegule injini

Apa ndi pamene milandu yambiri imafera. Injini ikayamba kulira zachilendo, mtima umafuna kuthamangira kwa makaniki wanu amene mumamudalira, chifukwa tsiku lililonse njinga ikaima ndi ndalama yotayika. Koma bawuti imodzi ya injini ikangomasulidwa ndi munthu amene wogulitsa samudziwa, mwamupatsa wogulitsayo chifukwa chokanira, ndipo adzachigwiritsa ntchito. Musapitirizenso kuiyendetsa poti bola ikulira. Vuto laling'ono likakula chifukwa munaikakamiza, adzati munaiphera dala.

Isanazimitsidwe komaliza, jambulani kanema pafoni: phokoso limveke, utsi uoneke, nambala ya njinga ioneke, kenako sipidomita ioneke makilomita ake. Ngati kebulo ya sipidomita inaduka kale ndipo simunaikonze, dziwani kuti mwafooka, chifukwa waranti zambiri zimawerenga miyezi ndi makilomita, chimene chayamba kukwana ndicho chimatseka. Kwa amene njinga zanu zidakali bwino, kebulo imeneyo ikaduka muzikonza sabata yomweyo.

Chachiwiri: sonkhanitsani mapepala

Mukufunika lisiti yogulira, khadi kapena buku la waranti, buku la sevisi, bulubuku ngati munailembetsa ku Road Traffic, ndi malisiti a oilo ndi masipeyala. Lisiti za m'makina zija zimafufutika zokha zikakhala m'thumba miyezi ingapo, choncho zijambuleni ndi kupanga fotokope zikadali zowerengeka. Onetsetsani kuti nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa papepala ndi zomwezo zili panjinga. Kushopu muzipereka fotokope basi, zenizenizo zizikhala kunyumba.

Chachitatu: werengani waranti yonse, ngakhale timalemba tating'ono

Ngati chizungu chake chikuvuta, pezani wina akuwerengereni mzere ndi mzere. Funani zinthu zinayi: imatha liti, imakhudza zitsulo ziti, sevisi imayenera kuchitikira kuti ndi pa makilomita angati, ndipo ikunenanji za njinga yogwiritsidwa ntchito pabizinesi. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa akabaza. Ngati pepala likuti njinga yabizinesi ilibe waranti, koma wogulitsa anadziwa bwino kuti mukugulira kabaza, mwinanso amatsatsa njingazo kwa akabaza, lembani zimenezo, mudzazifuna kutsogolo.

Zinthu zotha ndi ntchito monga matayala, mabuleki, tcheni, pulagi ndi mapuleti a kilatchi nthawi zambiri sizikhala mu waranti, ndipo palibe chodabwitsa. Chinyengo chimabwera pamene wogulitsa aika camshaft, pisitoni kapena giyabokosi m'gulu lomwelo la zotha ndi ntchito pa njinga imene sinayende n'komwe mtunda woti zitsulo zimenezo zithe. Musavomere.

Ngati munalipira ndalama yapadera kuti waranti italikitsidwe, funsani funso limodzi: mwini wake wa waranti yowonjezerayi ndani? Nthawi zina ndi kampani yopanga njinga, nthawi zina ndi shopu, nthawi zina ndi kampani ya inshuwalansi. Anthuwa amakonda kukankhirana. Wa inshuwalansi amati vuto lochokera kufakitale si lake, wopanga amati waranti yake inatha, mwini njinga nkutsala pakati. Aliyense amene wakana, muuzeni akulembereni chifukwa chake. Wa inshuwalansi akalemba kuti vutolo ndi la kufakitale, kalata yakeyo yasanduka umboni wanu kwa wogulitsa.

Chachinayi: pitani nayo kwa wogulitsa, koma osaisiya chisawawa

Pitani ndi mboni, makamaka makaniki wodziwa ntchito amene angaime pambali nkumaona. Pemphani kuti oilo akhuthulidwe inu mulipo, m'beseni loyera. Yang'anani padzuwa: oilo wa injini imene ikudyana mkati amanyezimira ndi tizitsulo tosalala ngati mchenga, ndipo mukaviika maginito amatuluka atavala utuchi wakuda. Jambulani, ndipo tungani pang'ono m'kabotolo koyera musunge. Injini ikatsegulidwa, jambulani chitsulo chowonongekacho chisanachoke pamaso panu.

Posiya njinga, akupatseni pepala lolembedwa tsiku, makilomita, nambala ya injini, vuto limene mwanena, ndi dzina la amene wailandira. Popanda pepala limeneli njinga ikhoza kukhala miyezi iwiri kuseri kwa shopu, waranti nkuthera komweko, kenako nkukuuzani kuti munabwera mochedwa. Tsiku lofunika pa mlandu wanu ndi limene munanena vuto koyamba, ndiye likhale lolembedwa.

Chachisanu: pezani anzanu a vuto lomwelo

Ili ndiye gawo limene limasintha nkhani yonse, ndipo akabaza muli ndi mwayi woposa wa eni njinga za KTM aja, chifukwa mumakumana pasiteji tsiku lililonse ndipo muli ndi makomiti ndi magulu a WhatsApp. Munthu mmodzi akadandaula, wogulitsa amati ndi kayendetsedwe kake. Anthu khumi a masiteji osiyana, othira oilo wosiyana, akabwera ndi chitsulo chimodzimodzi chodyeka malo amodzi pa makilomita oyandikana, bodza la kayendetsedwe limatha mphamvu. Tengani kope, lembani mtundu wa njinga, mwezi wogulira, nambala ya chasisi, makilomita amene vuto linayambira ndi chitsulo chimene chinafa. Funsaninso amakaniki ndi ogulitsa masipeyala, iwo amadziwa chitsulo chimene chikugulidwa mosalekeza. Fufuzani pa intaneti dzina la njingayo pamodzi ndi vutolo, popeza mitundu yambiri imene ili kuno imagulitsidwanso ku Tanzania, Kenya, Uganda ndi India. Koma m'kope lanulo muzilemba zoona zokhazokha. Mnzanu amene anayendetsa njinga yopanda oilo musamuike, angakuonongereni mlandu wabwino.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani kalata

Zolankhula pakauntala zimauluka. Kalata ikhale yaifupi, yaulemu, yopanda chipongwe, monga iyi: "Kwa a Manejala, ndinagula njinga yamoto kwa inu pa tsiku lakuti, nambala ya chasisi yakuti. Pa makilomita akuti injini inayamba kugogoda ndipo ndinaibweretsa kwa inu pa tsiku lakuti. Sevisi zonse zinachitika monga buku likunenera. Ndikupempha kuti muikonze popanda ine kulipira, kapena mundipatse ina, kapena mundibwezere ndalama. Ndiyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14." Pangani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo. Ngati shopuyo ndi nthambi chabe, tumizani kope ina kwa kampani imene imaitanitsa njingazo m'dziko muno.

Mukapatsidwa zoti mugawane mtengo, iwo masipeyala inu ntchito, ganizani bwino musanasaine. Mwina nkwabwino kulandira kuti njinga ibwerere pamsewu, koma musasaine pepala lonena kuti nkhani yatha pomwe sanakuuzeni ngati chitsulo chatsopanocho chili ndi waranti yake.

Akakanabe

Pitani ku Competition and Fair Trading Commission, CFTC, bungwe la boma loona za malonda achilungamo ndi ufulu wa ogula. Lamulo lake loyamba ndi la 1998, ndipo latsopano la 2024 linaliwonjezera mphamvu yopereka chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama. Bungweli lakhala likunena kuti zikwangwani zoti katundu akagulidwa sabwezedwa sizingamuchotsere wogulitsa udindo pa katundu wowonongeka. Palinso malamulo ena, Consumer Protection Act ya 2003 ndi Sale of Goods Act, imene imafuna kuti katundu wogulitsidwa akhale woyenera ntchito yake. Choncho ufulu wanu suthera pa khadi la waranti lokha. Bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, lingakuthandizeni ndi malangizo. Ngati waranti yowonjezera ija ili m'manja mwa kampani ya inshuwalansi, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Zonse zikakanika, bwalo la majisitireti lilipo, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse loya. Kulikonseko pitani ndi kope lija la anzanu, ndipo ngati nkotheka dandaulani monga gulu.

Ngati njingayo ndi yangongole, musangosiya kubweza chifukwa chokwiya, mungailanditse mlandu usanathe. Adziwitseni obwereketsawo mwa kalata kuti njinga ili kwa wogulitsa ndipo pemphani akusinthireni masiku olipira. Ndipo wogulitsa akavomera kuika injini ina yonse, akulembereni kalata yosonyeza nambala yakale ndi yatsopano, mukasinthitse ku Road Traffic kuti bulubuku igwirizane ndi njinga.