Zining'a za Chingerezi muziziloweza zathunthu

Inu amene mukuphunzira Chingerezi, ndikutsineni khutu: chining'a muzichiloweza chathunthu, osasintha liwu. Akati "kick the bucket" ndiye kuti munthu wamwalira. Nthawi ya mneni mukhoza kuisintha, "kicked the bucket", koma mukaika "pail" m'malo mwa "bucket", womvera angoona munthu akumenya ndowa ndi phazi. Kutembenuza kuti "the bucket was kicked" nakonso kumapha tanthauzo, pomwe chining'a cha "spill the beans" mukachitembenuza kuti "the beans were spilled" chimamvekabe kuti chinsinsi chaululika. Zina n'zouma, zina zimapindikako, ndiye mukatsegula dikishonale ya Oxford kapena Cambridge muziwerenganso ziganizo zachitsanzo, osangothera pa tanthauzo.

Chining'a cha ndowachi n'chanthabwala, pamaliro kapena mu uthenga wopepesa musachiyerekeze n'komwe. Pamenepo amati "passed away".