Wodwala Parkinson musamukhazike pakhonde

Pakhomo pena pamene ndinafika poyendera midzi, ndinapeza agogo aamuna atakhala pansi pa mtengo wa mango. Dzanja lawo lamanja linali pabondo likunjenjemera, chala chachikulu chikutikitana ndi chamkombaphala ngati munthu amene akusankha nyemba. Atatambasula dzanjalo kuti alandire kapu ya thobwa, manjenje aja anangoti zii. Atabweza pabondo, anayambiranso. Ana awo anali atawalanda khasu kalekale, madzi osamba akuwatengera, malaya akuwaveka, nsima akuwatemera. "Apume, akalamba," anandiuza motero mwana wawo wamkazi. Anali kuchita zonsezo mwachikondi, koma chikondi chotere ndi chimene chimagwetsa wodwala Parkinson msanga.

Matendawa anatchedwa dzina la James Parkinson, dokotala wa ku London amene anawalongosola mu 1817. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kamene kamapanga mphamvu ina yotchedwa dopamine, imene imathandiza kuti thupi liyambe kuyenda ndi kuyenda mosalala. Kachigawoko kakayamba kufa pang'onopang'ono, munthu amafuna kunyamuka koma thupi limachedwa kumvera. Bungwe la WHO linanena kuti mu 2019 anthu opitirira 8.5 miliyoni anali ndi matendawa padziko lonse. Ambiri amawayamba atapitirira zaka 60, ngakhale ena amawapeza akadali ndi mphamvu zawo. Amene munaonera katswiri wa nkhonya Muhammad Ali akuyatsa muuni wa masewera a Olympic ku Atlanta mu 1996, manja akunjenjemera, munaona matenda omwewa. Sapatsirana. Mutha kudya naye mbale imodzi, kugona naye nyumba imodzi. Si ufiti, si kulodzedwa, komanso si kuledzera, ngakhale mayendedwe ake amachititsa anthu kumunena kuti walawa m'mawamawa.

Anthu amathamangira kuona manjenje, koma chizindikiro chachikulu ndi kuchedwa. Kumanga mabatani kumene kunkatenga kanthawi kochepa kumasanduka ntchito. Poyenda amakwekwesa mapazi, waweramira kutsogolo, mkono umodzi sukugwedezeka. Nkhope imauma ngati wakwiya pamene sanakwiye, mawu amatsika, zolemba zimachepa kukula mzere ukamapita kumapeto. Kawirikawiri zimayambira mbali imodzi ya thupi. Achibale akafunsidwa bwino amakumbukira kuti zaka zingapo m'mbuyomo munthuyo ankadandaula za kudzimbidwa, anasiya kumva fungo la ndiwo, kapena ankamenya ndi kukuwa kutulo.

Si manjenje onse amene ali Parkinson. Pali ena amene dzanja limanjenjemera pogwira kapu kapena polemba, likapuma n'kukhala bwinobwino, ndipo nthawi zambiri zimakhala za kumtundu. Chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso chimanjenjemeretsanso, chimodzimodzi kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anauzolowera. Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi cha mankhwala. Haloperidol ndi chlorpromazine, amene amaperekedwa kwa odwala matenda a maganizo, komanso metoclopramide woletsa kusanza, amatha kuumitsa thupi ndi kulinjenjemeretsa mofanana ndendende ndi Parkinson. Choncho popita kuchipatala tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene wodwalayo akumwa. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa matendawa. Dokotala amayang'ana mayendedwe, amapinda mkono, amamuuza wodwala agundanitse zala mofulumira. Pachipatala chaching'ono akakayika, pemphani kalata yopita kwa DHO, kuchipatala cha m'boma lanu, kapena kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma othandiza alipo, ndipo amathandizadi. Odalirika kwambiri ndi levodopa, amene amabwera ataphatikizidwa ndi carbidopa m'piritsi limodzi. Akafika muubongo amasanduka dopamine yemwe akusowa uja. Munthu amene amalephera kudzuka pampando amatha kuyenda yekha pasanathe ola limodzi atamwa. Koma mphamvu yake imakhala maola ochepa, n'chifukwa chake amamwedwa katatu kapena kanayi patsiku, ndipo nthawi yake siyosewera nayo. "M'mawa, masana, madzulo" wa kuyang'ana dzuwa sakwanira apa. Tcherani alamu pafoni. Amwe mphindi 30 asanadye, kapena patatha ola limodzi atadya, chifukwa nyemba, nyama, nsomba ndi mazira zimalimbirana njira ndi mankhwalawa m'matumbo. Sindikunena kuti asiye ndiwo zimenezi ayi, amafunika kudya bwino, kungoti zisakumane ndi piritsi. Akamva nseru, amwere kachidutswa ka mbatata kapena nthochi. Mapiritsi oonjezera magazi aja nawonso amatchinga levodopa, motero atalikirane ndi maola awiri. Ndipo asasiye mankhwala mwadzidzidzi, pakuti thupi limatha kuuma gwa, kutentha, mpaka kuika moyo pachiswe. Poti mankhwalawa sapezeka nthawi zonse ndipo m'mafamase ndi odula, yambani kufunafuna ena pakatsala a sabata ziwiri.

Ena amva kuti kalongonda ali ndi levodopa, ndipo ndi zoona. Ndiye chifukwa chake amayi athu amamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, podziwa kuti wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Akatswiri akhala akufufuza ngati mbewuyi ingathandize kumene mapiritsi akusowa, koma mphamvu yake imasiyana mbewu ndi mbewu, ndipo kupyola muyeso kumasokoneza mutu. Musadzipangire nokha mlingo pakhomo.

Tsopano za khasu lija. Thupi la wodwala Parkinson likakhala limauma, likauma amaopa kuyenda, akaopa amakhalanso, mpaka tsiku lina sadzukanso pamphasa. Ayende tsiku lililonse, akuponya mapazi patali, mikono ikugwedezeka mwadala, makamaka pa nthawi imene mankhwala agwira. Asese pabwalo, atonole chimanga, asende mtedza, athirire ndiwo zamasamba kudimba ngati njira yake ndi yabwino. Malaya avale yekha ngakhale zitenge mphindi 20. Ngati mabatani avuta, sinthani malaya, musasinthe womuveka. Kwaya ya kutchalitchi asaisiye, pakuti kuimba mokweza kumasunga mawu. Amafizo, omwe ndi akatswiri a kuchipatala ophunzitsa odwala masewera olimbitsa thupi, kapena a kuchipatala cha Kachere ku Blantyre, angakuonetseni masewera oyenera munthu wanuyo.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa achibale. Wodwala akafika pakhomo la nyumba kapena pokhota, mapazi amangomatirira pansi ngati aponda ulimbo. Musamukoke dzanja, mumugwetsa. Aime kaye, apume, asendezere thupi ku mwendo umodzi, kenako muwerenge naye mokweza: "wani, thuu, wani, thuu." Kapena yalani ndodo pansi patsogolo pake kuti ailumphe. Kapena yambitsani nyimbo imene amaikonda. Ndinaona ndi maso anga agogo aja, amene anakanirira pakhomo la khitchini, akudutsa bwinobwino mdzukulu wawo atayamba kuomba m'manja. Mizere ya choko kapena ya makala yojambulidwa pansi, yotalikirana phazi limodzi lalikulu, imagwira ntchito yomweyo. Potembenuka azungulire ngati ngolo, asapotoloke pamalo amodzi.

Kugwa ndi kutsamwa ndizo zimapha ambiri. Chotsani timikeka ndi zingwe m'njira, usiku pakhale tochi pafupi, m'malo mwa mapatapata avale nsapato zogwira chidendene. Mpando ukhale wautali, wokhala ndi pogwira. Kuchimbudzi chokumba kunjuta kumavuta, ndiye khomani kampando kobooka pakati ndi mtengo wogwira m'mbali. Podzuka m'mawa ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi kanthawi, chifukwa magazi amatsika akaimirira msanga ndipo chizungulire chimamugwetsa. Pakudya akhale tsonga, mbamu zikhale zazing'ono, osamuyankhulitsa chakudya chili m'kamwa. Ngati madzi akumutsamwitsa, phala lolimbako kapena mahewu okhuthala amamezeka bwino. Chifuwa ndi kutentha thupi pambuyo pa kutsamwa kawirikawiri chingakhale chibayo, thamangani naye tsiku lomwelo. Za kudzimbidwa, madzi ambiri, mapapaya, masamba ndi nsima ya mgaiwa zimathandiza.

Nkhope youma ija isakunamizeni kuti sakumva kapena nzeru zatha. Mufunseni funso limodzi, mudikire yankho. Ambiri amagwidwa ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ena patapita zaka amayamba kuona anthu kapena tinyama tomwe palibe. Zimenezi ndi za kwa dokotala, nthawi zina zimangofuna kusintha mlingo.

Masiku atatu musanapite kukaonana ndi dokotala, tengani kope ndipo mulembe ola limene wamwa mankhwala, ola limene thupi lamasuka, ola limene laumanso, ndi ngati pali nthawi imene thupi limadzigwedeza lokha ngati akuvina. Dokotala amamuona wodwalayo mphindi zochepa chabe, ndipo kope lanulo ndi limene adzayang'ane posankha kuonjezera piritsi kapena kusuntha nthawi yake.