Kupanga aerogel ya kaboni yochotsera mafuta ndi utoto m'madzi

Aerogel ya kaboni, chinthu chopepuka kwambiri chokhala ngati siponji, imagwira zonyansa m'timabowo take tosaoneka ndi maso, choncho pa sitepe iliyonse chofunika n'kuteteza timabowoto kuti tisaphwanyike. Mapepala akale ndi poyambira potsika mtengo.

Ng'ambani mapepala, muwanyike m'madzi oyera usiku wonse, kenako muwapere mu blender mpaka akhale phala losalala. Magalamu 2 a pepala pa mamililita 100 a madzi akukwanira. Phala likachuluka madzi, aerogel imadzanyenyeka m'manja. Likalimba kwambiri, timabowo timachepa.

Thirani phalalo m'chikombole, muliike mufiriji mpaka liundane, kenako mu freeze dryer (makina oumitsa zinthu zili chiundanire) kwa maola 48. Musayanike padzuwa kapena mu uvuni. Madzi akamauma mwa njira imeneyo amakoka makoma a timabowo n'kuwagwetsa, ndipo mumatsala ndi katoni yolimba. Mu freeze dryer ayezi amasanduka nthunzi osasungunuka, malo ake n'kutsala mphako.

Powotcha pepala loumalo kuti lisanduke kaboni, gwiritsani ntchito tube furnace, ng'anjo yokhala ndi chubu chotsekeka. Yambani mwatsegula mpweya wa nayitirojeni kwa mphindi 30 kuti uthamangitse okosijeni, mukweze kutentha madigiri 5 pa mphindi mpaka 800°C, musiye pamenepo maola 2. Musatseke nayitirojeni mpaka ng'anjo itazizira. Mukapeza phulusa loyera m'mbali, dziwani kuti mpweya wakunja unalowa penapake. Kuchepa msinkhu kwa aerogel n'kwachibadwa, kusakudetseni nkhawa.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Aerogel yongotuluka m'ng'anjo imakana madzi: dontho limakhala pamwamba lobulungira, pomwe dizilo amalowa nthawi yomweyo. Pa mafuta oyandama ndi yabwino zedi, koma utoto wosungunuka siigwira mokwanira chifukwa madziwo salowa mkati. Ngati mukufuna kuchotsa utoto, inyikeni m'madzi omwe mwasungunuliramo KOH (potassium hydroxide, mankhwala owotcha khungu) wolemera mofanana ndi kaboniyo, muumitse, muwotchenso pa 750°C kwa ola limodzi mu nayitirojeni. Ikani m'kambale ka nickel, chifukwa KOH amadya quartz, galasi lomwe nthawi zambiri amapangira chubu cha ng'anjo. Tsukani ndi asidi wa HCl wosukulutsidwa ndi madzi, kenako madzi mpaka pH (muyeso wa asidi) ifike 7. Valani magolovesi ndi magalasi.

Poyesa, ikani mamiligalamu 10 a aerogel mu mamililita 20 a utoto wa methylene blue wa mamiligalamu 100 pa lita, mugwedeze, muziyeza utoto wotsala m'madzimo ndi spectrophotometer (makina oyezera mtundu pogwiritsa ntchito kuwala) pa 664 nm mpaka nambala itasiya kutsika. Lembani pH nthawi zonse, popeza m'madzi a asidi utoto umenewu umagwidwa pang'ono. Ikadzaza, itsukeni ndi ethanol, ndipo zotsukirazo musazitaye mumtsinje.