Kutenga RNA m'magazi popanda kuiwononga

Ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito mu labu yathu kuno ku Blantyre amafika atadziwa kale kutenga DNA, ndipo ambiri amaganiza kuti RNA nayonso n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. DNA imapirira, mutha kuisiya mufiriji wamba masabata angapo n'kuipeza ili bwino. RNA ili ngati chambo chachiwisi chochokera ku Mangochi mwezi wa Okutobala: mukachedwa nacho pang'ono popanda ayezi, chapita. Zomwe ndalemba panozi ndi zomwe ndimauza aliyense asanakhudze chubu.

Muyambe mwamvetsa chifukwa chake timavutikira chinthu chosachedwa kuwonongeka chotere, chifukwa munthu wodziwa chifukwa sachita ntchito mwachidule. Selo la m'chiwindi ndi selo loyera la m'magazi a munthu mmodzi ali ndi DNA yofanana, majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Chowasiyanitsa ndi majini amene akugwira ntchito panthawiyo. Jini ikafunika, selo limakopera uthenga wake kukhala mRNA, mtundu wa RNA wonyamula uthenga, ndipo puloteni imapangidwa kuchokera pa mRNA imeneyo. Choncho DNA imakuuzani zomwe selo lingathe kuchita, pomwe RNA imakuuzani zomwe likuchita lero, ola lino. N'chifukwa chake ofufuza za TB, ena mwa iwo pogwiritsa ntchito magazi a odwala a kuno ku Malawi, akhala akuyang'ana majini amene maselo oyera amadzutsa munthu akadwala matendawa, pofuna njira yoyezera amene sangathe kupereka makhololo, makamaka ana.

Koma RNA si mthenga chabe. Mu 1993, Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, pofufuza kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, anapeza kuti jini ina, lin-4, sipanga puloteni ayi. Imapanga ka RNA kakang'ono, ka zilembo pafupifupi 22, kamene kamakamatirira pa mRNA ya jini ina, lin-14, n'kuitsekereza kuti puloteni yake isapangidwe. Anthu ambiri anaganiza kuti ndi zachilendo za nyongolotsi zokha, mpaka mu 2000 pamene gulu la Ruvkun linapeza ina, let-7, yomwe imapezekanso mwa anthu. Lero timazitcha microRNA, mwa munthu zilimo zopitirira 1,000, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2024. Ine nkhaniyi imandigwira mtima nthawi zonse, chifukwa ti RNA timeneti tinali m'machubu a anthu zaka zonsezo, koma ambiri ankatitaya poganiza kuti ndi zinyenyeswa.

Tsono selo limawononga mRNA yake mwadala. Uthenga wina umakhala mphindi zochepa, wina maola angapo, kenako umaphwanyidwa, chifukwa imeneyo ndi njira imodzi yozimitsira jini. Zophwanyirazo ndi ma enzyme otchedwa RNase, ndipo ali paliponse: pakhungu, m'thukuta, m'malovu, m'fumbi lolowera pawindo. Ena mwa iwo ngakhale autoclave, makina ophera majeremusi ndi nthunzi yotentha, siwathetsa kwathunthu. Komanso maselo oyera safa magazi akangolowa m'chubu. Amakhala amoyo, amamva kuti zinthu zasintha, ndipo amayamba kudzutsa majini ena. Magazi akakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, zomwe mudzayeze si za wodwala uja ayi, ndi za maselo ovutika m'chubu.

Ntchito yeniyeni ndiye imayambira kuwodi, osati mu labu. Ngati muli ndi machubu a PAXgene, amatenga magazi okwana 2.5 ml ndipo ali ndi mankhwala ophwanya maselo n'kuteteza RNA nthawi yomweyo. Tembenuzani chubucho pang'onopang'ono ka 8 mpaka 10 mukangotenga magazi, chisiyeni chiimirire kwa maola osachepera 2 kunja kwa firiji, kenako n'kuchiziziritsa. Ngati mulibe, gwiritsani ntchito cha chivundikiro chapepo, cha EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, muike pa ayezi, muthamange nacho. Cha chivundikiro chobiriwira chisiyeni, muli heparin amene amalepheretsa PCR, njira yochulukitsira tizidutswa ta DNA imene mudzayezere pomaliza. Ndipo lembani ola lomwe magazi atengedwa ndi ola lomwe afika. Kuchokera ku Ndirande kapena ku Limbe kufika ku Ginnery Corner si patali, koma galimoto ikakumana ndi mzere wa pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, mphindizo zimalowa m'zotsatira zanu.

Pabenchi, pukutani malo ndi ma pipette, zida zokokera timadzi, pogwiritsa ntchito mankhwala ochotsa RNase. Valani magulovu, ndipo mukakhudza foni, chitseko kapena nkhope, vulani muvale ena. Ndikudziwa kuti magulovu timawerengera, koma sampulo ya mwana wodwala amene mayi ake avomera movutikira kuti abayidwe ndi yodula kuposa bokosi lonse. Valani masiki ndipo musacheze machubu ali otsegula. Madzi akhale olembedwa kuti alibe RNase, ndipo muwagawe m'timachubu ting'onoting'ono kuti botolo lalikulu lisamatsegulidwe tsiku ndi tsiku.

Machubu a PAXgene ali ndi kit yawoyawo, tsatirani pepala lake. Kwa maselo oyera amene mwawalekanitsa nokha, ine ndimakonda mankhwala otchedwa TRIzol, njira yochokera pa ntchito ya Chomczynski ndi Sacchi ya mu 1987. Thirani 1 ml pa maselo, sakanizani ndi pipette mpaka pasakhale zibuma, dikirani mphindi 5. Onjezani 0.2 ml ya chloroform, khutchumulani ndi dzanja mwamphamvu, dikirani mphindi 3, kenako centrifuge, kutanthauza kuzunguza chubu m'makina olekanitsira zinthu, pa mphamvu ya 12,000 g kwa mphindi 15 pa madigiri 4. Zonsezi muchitire mu hood, kabati yokoka mpweya woipa, chifukwa mu TRIzol muli phenol, amene amawotcha khungu.

Chubu chikatuluka mudzaona magawo atatu: pansi pofiirira, pakati kamzere koyera, pamwamba madzi oonekera. RNA ili m'madzi apamwambawo. Kamzere koyerako ndi komwe kuli DNA. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ntchito chifukwa cha umbombo, kufuna kukoka dontho lililonse. Pendeketsani chubu, kokani pang'onopang'ono, ndipo musiyeko madzi pang'ono pamwamba pa kamzereko. RNA yochepa koma yoyera imagwira ntchito, yambiri yosakanikirana ndi DNA ndi phenol idzakunamizani.

Zotsalazo n'zachangu. Madzi mwakokawo aikeni m'chubu chatsopano, thiranimo 0.5 ml ya isopropanol, dikirani mphindi 10, centrifuge mphindi 10 pa 12,000 g. Pansi padzakhala kadontho ka RNA, nthawi zina kosaoneka n'komwe, choncho muziika machubu onse mahinji atayang'ana kunja kuti mudziwe pomwe kali. Tsukani ndi 1 ml ya ethanol wa 75 peresenti, centrifuge mphindi 5 pa 7,500 g, chotsani ethanol, siyani kaume mphindi 5 mpaka 10. Kakauma gwa kamavuta kusungunuka. Sungunulani m'madzi opanda RNase aja, kenako thirani DNase kuti aphwanye DNA yotsalira.

Pa NanoDrop, makina oyezera kuchuluka ndi kuyera kwa RNA, chiwerengero cha 260/280 chosonyeza kuyerako chikhale pafupi ndi 2.0. Koma makinawa sakuuzani ngati RNA yaduka-duka. Zimenezo muzionera pa gel, imene imalekanitsa RNA potengera kutalika kwake, pomwe payenera kuoneka mizere iwiri yooneka bwino, 28S ndi 18S, kapena pa makina opereka RIN, nambala yosonyeza kusaduka kwa RNA, yomwe imayambira pa 1 (yaduka-duka) kufika pa 10 (yathunthu). Mukaona chifunga chokhachokha pa gel, musapitirize, mungotaya ma reagent.

Posunga, RNA ikhale pa madigiri 80 pansi pa ziro, yogawidwa m'timachubu tingapo kuti musamasungunule yonse nthawi iliyonse. Magetsi akazima musatsegule freezer kuti muone ngati zili bwino, kutsegulako n'komwe kumatulutsa kuzizira. Pitani mukaone ngati jenereta yayaka, ndipo mulembe nthawi.

Kwa amene mukufuna microRNA, pali misampha iwiri. Ma kit ambiri a column, timachubu tokhala ndi sefa yogwira RNA, amasunga RNA yotalika kuposa zilembo 200, tating'onoting'ono timapita ndi madzi otaya, choncho werengani bokosi musanagule. Chachiwiri, ngati mukuyeza mu plasma, madzi a m'magazi otsala maselo akachotsedwa, iyang'aneni maonekedwe ake. Ikafiirira ndiye kuti maselo ofiira aphulika, ndipo maselo amenewa ndi odzaza ndi miR-451 ndi miR-16. Mutha kuganiza kuti mwapeza chizindikiro cha matenda pomwe mwangoyeza mmene magazi anatengedwera.

Pomaliza pake RNA imasandutsidwa cDNA, DNA yokoperedwa pa RNA, ndi enzyme yotchedwa reverse transcriptase, n'kuwerengedwa ndi qPCR, PCR yoyeza kuchuluka. Nambala imene qPCR imapereka imatchedwa Ct, ndipo kusiyana kwa Ct kumodzi ndi pafupifupi kawiri kuchuluka kwa RNA, choncho kulakwitsa pang'ono ndi pipette kumaoneka ngati jini yadzuka. Sampulo iliyonse muiike katatu. Muyezenso jini yofanizira, monga GAPDH, koma musangoikhulupirira chifukwa aliyense amaigwiritsa ntchito, muone kaye ngati sikusintha pakati pa odwala ndi osadwala m'masampulo anu. Ndipo nthawi zonse pakhale chubu chimodzi chomwe simunaikemo reverse transcriptase. Chimenecho chikatulutsa chizindikiro, ndiye kuti mukuwerenga DNA, bwererani pa DNase musanaonetse zotsatirazo kwa wina aliyense.