Malangizo kwa Eni ndi Oyendetsa Mavaneti: Chipinda cha Okwera, Zitseko ndi Katundu

Malangizo awa alembedwera aliyense amene ali ndi vaneti kapena amene analembedwa ntchito yoiyendetsa, kaya ndi ya pafamu, ya kampani, ya mpingo kapena ya banja. Akukhudza magalimoto onga Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max, Nissan Navara ndi Land Cruiser 79, amene amapezeka kwambiri m'misewu ya mu Zambia. Salowa m'malo mwa buku limene linabwera ndi galimoto yanu, choncho pamene bukulo likunena zosiyana ndi zimene zili pano, tsatirani bukulo. Chimene tikufuna kuti mumvetse ndi chakuti kapangidwe ka chipinda chokhalamo anthu ndi ka zitseko zake ndi kamene kamalamula chiwerengero cha anthu oyenera kukwera, kuchuluka kwa katundu amene munganyamule, ndi malo oyenera kuika katunduyo.

Mitundu itatu ya chipinda

Vaneti ya mtundu umodzi imakhala ndi utali pafupifupi wofanana ngakhale chipinda chake chisinthe, ndiye kuti chipinda chikakula, malo a katundu amachepa. Single cab ili ndi zitseko ziwiri ndi mzere umodzi wa mipando, ndipo malo ake a katundu amatalika pafupifupi mamita 2.3. Double cab ili ndi zitseko zinayi ndi mipando ya anthu asanu, koma kumbuyo kwake kumatsala mamita pafupifupi 1.5 okha. Pakati pa ziwirizi pali chipinda chotalikirako chimene Toyota imachitcha Xtra Cab, Ford imachitcha Super Cab, ndipo Isuzu imachitcha Extended Cab, ndipo malo ake a katundu ndi mamita pafupifupi 1.8. Wonyamula malata, matabwa kapena mapaipi aganizire bwino za kusiyana kumeneku asanagule, chifukwa lata la mamita 3 likaikidwa pa double cab, theka lake limalendewera kunja. Katundu aliyense wotulukira kumbuyo amangidwe zolimba ndipo kumapeto kwake kukhale nsalu yofiira yooneka bwino.

Chiwerengero cha okwera chimadziwika powerenga malamba, osati poona malo amene atsala pa mpando. Single cab ina ili ndi malamba awiri, ina atatu, ndipo lamba wapakati kawirikawiri amagwira m'chiuno mokha, choncho malo amenewo sayenera munthu wapaulendo wautali. Lamulo la Road Traffic Act No. 11 la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA loona za mayendedwe ndi chitetezo pamsewu, limafuna kuti okwera amange malamba. Mwana wonyamulidwa pamiyendo alibe lamba, ndipo galimoto ikaima mwadzidzidzi palibe mayi amene manja ake angathe kumugwira.

Zitseko zazing'ono za chipinda chotalikirako

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndiye tifotokozapo motalikirapo. Pa mavaneti ambiri a chipinda chotalikirako, kuseri kwa chitseko chilichonse chakutsogolo kuli kachitseko kamene mahinjesi ake ali chakumbuyo, moti kamatseguka moyang'anizana ndi chachikulucho. Pakati pa zitseko ziwirizi palibe mzati. Kachitseko kaja kakatsekedwa, maloko ake amagwira padenga ndi pansi, ndipo ndiko kamene kamagwira ntchito ya mzati, chifukwa chitseko chakutsogolo chimakolowekedwa pa iko. Pa chifukwa chimenechi, potsegula yambani ndi chakutsogolo, kenako chakumbuyo. Potseka yambani ndi chakumbuyo, mukankhe mpaka maloko onse awiri agwire, kenako mutseke chakutsogolo. Mukamenyetsa kachitseko kakumbuyo pamene chakutsogolo chatsekedwa kale, mupinda m'mphepete mwa zitseko zonse ziwiri ndipo mung'amba labala wotchinga fumbi. Choopsa kuposa pamenepo ndi kuyenda kachitsekoka katangogwira ndi loko mmodzi, pakuti mbali yonseyo ya chipinda imakhala yopanda mphamvu galimoto ina ikagunda cha m'nthiti. Pa magalimoto ena lamba wa mpando wakutsogolo anamangiriridwa pa kachitseko komweko, ndiye wokhala kutsogolo amasule lamba wake kachitsekoka kasanatsegulidwe.

Pamalo opanikizika, monga poimika magalimoto m'misika ya mu Lusaka, zitseko ziwirizi zikatseguka pamodzi zimakutsekerani pakati pa vaneti yanu ndi galimoto yoyandikana nayo, moti simungatuluke ndi katundu m'manja musanatseke chimodzi. Siyani mpata wokwanira kumbali imene mufuna kutulutsira katundu, ndipo musalole kuti mwana aike dzanja pamalo pamene zitsekozo zimakumanirana.

Dziwaninso kuti mavaneti ambiri a mtundu umenewu ochokera ku South Africa, kumene Hilux imapangidwira ku Durban, Ranger ku Pretoria ndi D-Max ku Gqeberha, alibe mipando kumbuyo. Malo amenewo ndi osungirako zikwama, zida ndi mapepala kuti zisanyowe kapena kubedwa. Kuikapo khushoni kapena thabwa sikusandutsa malowo mpando, pakuti mulibe lamba ndipo wokhalamo sangatuluke yekha wakutsogolo asanatsegule. Ife tikuona kuti banja lokhala ndi ana oyenda nawo tsiku ndi tsiku lisagule chipinda chotere, ngakhale mtengo wake utsike bwanji poyerekeza ndi double cab.

Kulemera kwa anthu ndi katundu

Pa mzati wa chitseko, kapena pa magalimoto ena pafupi ndi injini, pali kachitsulo kapena kapepala kolembedwa kulemera kumene galimoto yonse siyenera kupitirira, ndipo pa mzati wa chitseko cha dalaivala pamakhalanso kapepala kosonyeza mpweya woyenera m'matayala galimoto ikakhala yopepuka ndi ikakhala yodzaza. Musapake penti pa zolembedwazi. Kulemera kololedwa kunyamula sikutanthauza matumba okha ayi: kumaphatikiza dalaivala, okwera onse, canopy (chivindikiro cha malo a katundu), chitsulo chotchinga kutsogolo, zigubu za madzi ndi mafuta, ndiponso kulemera kumene ngolo yokokedwa imatsamiritsa kumbuyo. Tiyerekeze kuti vaneti yanu imaloledwa makilogalamu 1,000. Dalaivala wa makilogalamu 70 akakhala yekha angathe kunyamula matumba 18 a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50. Mu double cab mukakwera akuluakulu asanu olemera chimodzimodzi, atenga kale makilogalamu 350, ndipo otsala ndi a matumba 13 basi, canopy isanawerengedwe. Pa nthawi yopereka chimanga ku madepoti a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, kapena yokatenga feteleza mvula isanayambe, werengerani motere musanayambe kukweza, osati poona mmene masipiring'i atsikira.

Malo oika katunduyo ndi ofunika mofanana ndi kulemera kwake. Pa single cab matayala akumbuyo ali cha pakati pa malo a katundu, koma pa double cab ali pafupi ndi chipinda, moti gawo lalikulu la malo a katundu lili kuseri kwa matayalawo. Katundu wolemera akaunjikidwa kumapeto, mutu wa galimoto umapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa anzanu, ndipo pa msewu wa mabampu chasisi chingathe kupindika kuseri kwenikweni kwa chipinda. Ikani zolemera zonse motsamira khoma la chipinda, pansi, ndi mofanana kumanzere ndi kumanja, ndipo zopepuka zibwere pambuyo. Amene amayenda mu Great East Road amadziwa zitunda ndi makona otsikira ku mlatho wa Luangwa; galimoto yolemera kumbuyo pamalo otere imavuta kukhotetsa ndipo mabuleki ake amatentha msanga, choncho tsikani ndi giya yotsika.

Malo a katundu si a anthu. Tikudziwa kuti pa maliro, pa ukwati kapena kumudzi kumene basi sifika kumakhala kovuta kukana wachibale wopempha kukwera kumbuyo, koma kumeneko kulibe mpando, lamba kapena denga lolimba, ndipo galimoto ikagubuduka onse amaponyedwa kunja. Canopy siteteza munthu pa ngozi, ndiponso utsi wa injini ungathe kulowa m'menemo n'kufooketsa okhalamo iwo osazindikira. Petulo, dizilo ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda ndizo ziyenera kukhala kumbuyoko, zotsekedwa bwino ndi zomangidwa, osati m'chipinda cha anthu.

Kukwera ndi kutsika

M'dziko muno timayenda kumanzere ndipo dalaivala amakhala kumanja, ndiye chitseko chake chimatsegukira mumsewu. Zolowerani kutsegula chitsekocho ndi dzanja lamanzere, chifukwa kutero kumatembenuza thupi lanu ndipo mumaona amene akubwera kumbuyo. M'tauni ngati Chipata, mmene njinga zakapalasa ndi zamoto zimadutsa pafupi kwambiri ndi magalimoto oima, chitseko cha vaneti chotsegulidwa mosayang'ana chingagwetsere munthu pansi pa galimoto ina. Ana ndi okalamba azitsikira kumanzere nthawi zonse.

Vaneti ndi yaitali kuchokera pansi, ndipo chitseko chakumbuyo cha double cab ndi chopapatiza cha kumapazi. Wokalamba kapena mayi woyembekezera mpatseni mpando wakutsogolo, kumene khomo ndi lalikulu. Pokwera gwirani chogwirira chimene chili pa mzati kapena pamwamba pa khomo, ndipo musadzikoke ndi chitseko kapena chiwongolero, popeza chitseko cholendeweredwa tsiku ndi tsiku chimatsika n'kuleka kukumana bwino ndi loko wake. Chopondera chikakhala ndi matope chimaterera, choncho chipukuteni. Mukaima potsetsereka kapena kukakhala mphepo yamphamvu, gwirani chitseko mpaka chitseguke bwino, kuti chisakankhidwe kupitirira malire ake.

M'mphepete mwa chitseko chilichonse chakumbuyo cha double cab muli kabatani kapena kachitsulo kamene kakasunthidwa chitsekocho sichitseguka ndi mkati. Kagwiritseni ntchito mukanyamula ana, koma kumbukirani kukabweza mukanyamula akuluakulu. Mpando wa khanda umangidwe kumbuyo. Ma double cab ambiri atsopano ali ndi tizitsulo ta ISOFIX pakati pa khushoni ndi chotsamira, ndipo ndi pamenepo pamene mpandowo umakolowekedwa. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe konse kutsogolo kwa airbag (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi) yogwira ntchito, chifukwa ikaphulika imamenya pamene pali mutu wa mwanayo. Mwini single cab afunse kwa ogulitsa ngati airbag ya wokwera ingathe kuzimitsidwa, ndipo ngati singathe, khandalo lisayende m'galimoto imeneyo. Musasiye mwana m'chipinda chotsekedwa ngakhale kwa kanthawi. Mu Okutobala kuchigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40 panja, ndipo mkati mwa galimoto yoima padzuwa kumaposa pamenepo kutali.

Fumbi, madzi ndi kasamalidwe

Pa msewu wafumbi tsekani mawindo ndipo muyatse fani yokoka mpweya wakunja, pakuti mpweya wodzaza m'chipinda umaletsa fumbi kulowera m'mipata ya zitseko. Mukayandikira fumbi la galimoto ina, sinthani kwa kanthawi kuti mpweya uzizungulira mkati momwemo. M'nyengo ya dzinja musawoloke madzi amene kuya kwake simukukudziwa kapena othamanga, ngakhale vaneti ikhale yaitali. Galimoto ikagwera m'madzi akuya, chitseko sichitseguka chifukwa madzi amachikankha ndi kunja, ndiye masulani lamba, tsitsani windo nthawi yomweyo magetsi asanazime, ndipo mutulutse ana poyamba.

Kunsi kwa chitseko chilichonse kuli timabowo totulutsa madzi amene amalowera pa galasi. Timabowoti tikatsekeka ndi matope, madzi amakhala mkati, chitseko chimachita dzimbiri ndipo makina okweza galasi amawonongeka, choncho titsukeni ndi kutitokosa ndi kamtengo kofewa mukamatsuka galimoto. Labala wozungulira khomo apukutidwe ndi nsalu yonyowa, osati ndi dizilo kapena oilo, amene amamufewetsa n'kumuwononga. Mahinjesi, maloko ndi kachitsulo koletsa chitseko kutseguka mopitirira zipakidwe girisi pang'ono pa sevisi iliyonse, fumbi lakale litachotsedwa. Chitseko cha malo a katundu chikhale chotseka poyenda, ndipo mukachitsitsa musachisenzetse mgolo wodzaza kapena njinga yamoto musanaone m'buku kulemera kumene chimaloledwa.

Pofuna kudziwa ngati labala akugwirabe, panikizani pepala pakati pa chitseko ndi khomo, mutseke, kenako mulikoke. Likatuluka mosavuta, labalayo watha kapena chitseko chatsika. Tsegulaninso chitsekocho pang'ono n'kuchinyamula cha kumapeto, ndipo chikagwedera m'mwamba ndi pansi, mahinjesi adyeka. Chitseko chotere, kapena chimene chimafuna kumenyetsedwa kawiri kuti chigwire, kapena chimene nyali yake yochenjeza siizima, chipite kwa makaniko galimoto isananyamulenso anthu.