Mmene mungayesere chiphunzitso musanakuwe kuti ameni

Masiku ano ulaliki ukungotipeza pa foni, kavidiyo ka mphindi ziwiri, munthu watchena suti akufuula vesi, ife tatumiza kale ku magulupu onse Baibulo tisanalitsegule nkomwe. Komatu zomwe timamvazo ndi zomwe zimatiumba, mapempheredwe athu, mmene timaonera ndalama, matenda ngakhale imfa. Paulo polembera Timoteo ndi Tito amakamba za chiphunzitso cholamitsa, ndipo mau achigiriki omwe anagwiritsa ntchito pamenepo ndi onena za thanzi la thupi. Ndiye kuti chiliponso china chodwalitsa.

Poyambira mpophweka, vesi yomwe yatchulidwayo itseguleni nokha. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 amene amawalalikira anali Paulo weniweniyo koma iwo amakafufuzabe m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zilidi choncho, ndipo Luka sakuwanena kuti ndi amwano ayi, akuwayamikira. Nde ngati Paulo amamufufuza kuli bwanji munthu amene mwangomuona pa TikTok dzulo.

Mukatsegula musawerenge vesi yokhayo, apa ndi pamene ambirife timagwera. Olemba Baibulo sanaike manambala a mavesi aja, m'Chipangano Chatsopano anadzaika ndi Robert Estienne mu 1551 kuti tizipeza malo msanga basi. Paulo amalemba kalata, ndipo kalata sumawerenga mzere umodzi wapakati nkuipinda. Yesani ndi Afilipi 4:13 ija timaikonda, yoti ndikhoza zonse. Bwererani pa 11 ndi 12, mupeza munthu ali m'ndende akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zomwe ali nazo, kaya wakhuta kaya ali ndi njala, kaya zachuluka kaya zasowa. Zonse zomwe akunenazo nzimenezo, kupirira, osati kuti chilichonse mungachilote chitheka. Yeremiya 29:11, yoti Mulungu ali ndi malingaliro abwino pa inu, nayo chimodzimodzi, ndi kalata yopita kwa akapolo ku Babulo ndipo vesi 10 ikuti adikira zaka 70. Lonjezo ndi lenileni inde koma amene akuligulitsa ngati la sabata ino wadumpha mzere umodzi. Ndiye dzizolowezeni, mavesi khumi mmbuyo khumi kutsogolo, kenako mudzifunse kuti akulankhula ndani, akuuza ndani, nanga kunali vuto lanji.

Kutchula vesi pakokha sikutsimikiza kanthu. Satana poyesa Yesu anatchula Salimo 91, Yesu nkumuyankha ndi lemba lina la mu Deuteronomo. Inunso teroni, chiphunzitso chikatsamira pa vesi imodzi yokha funani ena okamba nkhani yomweyo, malo ovuta azimasuliridwa ndi malo omveka bwino.

Nanga zozizwa? Deuteronomo 18:22 ikuti mneneri akanena chinthu osachitika sichinachokere kwa Yehova, imeneyo ambiri timaidziwa. Koma chaputala 13 nchoopsa kwambiri, akuti ngakhale chizindikiro chichitike ndithu, ngati munthuyo akukukokerani kwa milungu ina musamumvere. Ndiye funso lalikulu nlakuti akuti chani za Yesu, kodi ndi Mulungu amene anakhala munthu, anafera machimo athu nkuuka, kapena wangosanduka dzina lotsekera pemphero pomwe ulemu wonse ukupita kwa mlalikiyo. Nkhondo imeneyi siyatsopano, mu 325 atsogoleri a mpingo anasonkhana ku Nicaea chifukwa munthu wina dzina lake Arius amaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu anachita kulengedwa, ndipo atsogoleriwo anachikana chiphunzitsocho. Pakabwera za kulipira kuti mulandire mphatso ya Mulungu sindichedwapo, kawerengeni zomwe Petro anamuyankha Simoni, yemwe anafuna kuigula ndi ndalama, pa Machitidwe 8:20.

Chinanso, si kusiyana kulikonse komwe kuli mpatuko. Aroma 14 ikuonetsa abale osiyana maganizo pa zakudya ndi masiku koma akulandirana, nde osamangotcha aliyense wonyenga poti sakuimba ngati inu.

Mukapeza kuti china chake sichikugwirizana musathamangire kukalemba pa Facebook. Apolo wa pa Machitidwe 18 anali wodziwa kulankhula komanso malemba amawadziwa, koma amangodziwa ubatizo wa Yohane, Priskila ndi Akula atamumva anamutengera pambali nkumufotokozera bwinobwino. Pitani kwa abusa kapena akulu ampingo Baibulo lili m'manja, chala chili pa vesiyo, mufunse mwaulemu kuti apa ndithandizeni sindikumvetsa. Akatsegula nanu limodzi khalani pansi mumve, mwina olakwa ndinu. Akakuyankhani kuti musakhudze odzozedwa anga, atsegulireninso Salimo 105 pomwe pali mauwo, muwerengere limodzi kuyambira vesi 8, muone kuti odzozedwawo akunena Abrahamu, Isake, Yakobo ndi mbumba yawo pamene anali alendo owerengeka m'dziko la eni.